Masamu ofufuza zimene makina amabisa m'kati

Mukalakwitsa nambala yachinsinsi pa ATM koyamba, makina amakuuzani kuti muyesenso. Mukalakwitsa kachitatu, ambiri amatseka khadi kapena kulimeza kumene. Mabatani mwadina omwewo, koma yankho lasiyana, chifukwa makinawo akukumbukira zimene zachitika kale. Mmene makina alili m'kati pa nthawi imeneyo ndi chimene akatswiri a zamakompyuta amati state.

State sioneka ndi maso, ndipo ikasokonekera anthu amavulala. Pakati pa 1985 ndi 1987, makina othandiza odwala khansa otchedwa Therac-25 anapereka radiation yopitirira muyeso kwa odwala osachepera 6 ku United States ndi Canada, ena mpaka kumwalira. Pa ngozi za ku Tyler, m'chigawo cha Texas, wogwiritsa ntchito ankati akakonza zimene walemba pasanathe masekondi 8, sikirini inkaonetsa zatsopano pomwe mbali ina ya makinawo idakali pa zakale.

Tingatsimikize bwanji khalidwe la chinthu chimene m'kati mwake sitikuonamo? Limeneli ndi funso limene nthambi ya masamu yotchedwa coalgebra imalimbana nalo. Algebra imafotokoza kamangidwe ka chinthu: yambira pa 0, uziwonjezera 1, upeza manambala onse owerengera. Coalgebra imayambira kwina. Pa state iliyonse imangofunsa zinthu ziwiri: panopa chikuoneka n'chiyani, nanga ndikadina batani ili makinawa apita pa state iti?

Pamenepa pamatuluka lamulo lamphamvu. Makina awiri ndi ofanana ngati chilichonse chimene ena angachite, enawo angachitenso, sitepe ndi sitepe, mpaka kalekale. Ganizoli limatchedwa bisimulation, ndipo linakula ndi ntchito ya Robin Milner wa ku Edinburgh mu 1980 ndi ya David Park mu 1981.

Taganizirani makina awiri ogulitsa zakumwa. Oyamba, mukaponya ndalama, amakusiyirani mabatani awiri, la tiyi ndi la khofi. Achiwiri, ndalama ikangolowa, amasankha okha mwakachetechete, n'kukusiyirani batani limodzi. Mukalemba mndandanda wa zimene zingachitike, onse akupereka zofanana: ndalama kenako tiyi, kapena ndalama kenako khofi. Koma wofuna tiyi akhoza kubwerera chimanjamanja pa makina achiwiriwo. Mndandanda suona kusiyanaku, pomwe bisimulation imakugwira msanga, chifukwa imayang'ana nthawi imene mwayi wosankha watayika.

Peter Aczel wa ku Manchester anasonyeza mu 1988 kuti ganizo la bisimulation lili ndi maziko olimba m'masamu. Mu 2000, Jan Rutten wa ku bungwe la CWI ku Amsterdam anatulutsa pepala lotchedwa Universal coalgebra: a theory of systems, losonyeza kuti makina amitundu yambiri, amene kale aliyense ankaphunziridwa payekha, amalowa m'chikombole chimodzi. Umboni ukapezeka kamodzi, umagwira ntchito pa onsewo. Bart Jacobs wa ku Nijmegen anasonkhanitsa zambiri mwa izi m'buku lake la mu 2016.

Phindu lake ndi looneka. State ziwiri zikapezeka kuti zimachita zofanana, zimaphatikizidwa kukhala imodzi, ndipo makina amachepa n'kukhala osavuta kuwayeza. Njira yotchedwa coinduction imathandizanso kutsimikiza mapulogalamu amene sayenera kuima, monga oyendetsa netiweki ya foni kapena oyang'anira kugunda kwa mtima wa wodwala. Pulogalamu yotere simungaidikire kuti imalize kenako muone yankho, chifukwa ilibe mapeto.

Masamu okha sachotsa ngozi zonse, pakuti umboni umadalira kuti makinawo afotokozedwa molondola poyamba. Komabe kuyesa pulogalamu kangapo n'kuona kuti yayenda sikokwanira pamene moyo wa munthu kapena ndalama zake zili m'manja mwa kompyuta. Achinyamata amene mukuphunzira zamakompyuta, musathawe masamu. Kulemba pulogalamu ndi luso, koma kutsimikiza kuti sidzapweteka munthu ndi udindo wanu.