Kuwerenga mitu ya anthu sikuyeza ubwino wa ntchito

Kolera imene inayamba mu Okutobala 2023 inadwalitsa anthu oposa 20,000 mu Zambia ndi kupha oposa 700. Pofika Januwale 2024, bwalo la National Heroes Stadium mu Lusaka linali litasanduka chipatala. Odwala ambiri a mu Lusaka ankachokera ku makomboni monga Kanyama, Matero, Chawama ndi George, kumene mabungwe omwe si aboma akhala akugwira ntchito ya madzi ndi ukhondo kwa zaka makumi angapo. Ntchito yanga ndi kawuniwuni wa mapulojekiti a mabungwe oterewa, ndipo chimene chanditopetsa ndi chikhulupiriro chakuti chiwerengero cha "anthu amene tawafikira" ndiye umboni wakuti ntchito yathandiza. Malipoti amadzaza ndi chiwerengero chimenechi, koma mvula ikangogwa, matenda amabweranso m'misewu yomweyo.

Vuto lili pa mmene chiwerengerocho chimapezekera. Mayi wa ku Kanyama akapita ku msonkhano wa ukhondo, nalandira sopo ndi kusaina pepala, wawerengedwa. Bungwe lina likabwera mwezi wotsatira, amuwerenganso. Pantchito pathu izi timazitcha output, zinthu zimene bungwe lachita. Chimene tikufuna kudziwa ndi outcome, kusintha kumene kwachitika pakhomo pa mayiyo. Kanyama ili pamwamba pa thanthwe la laimu lokhala ndi ming'alu, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri, moti zonyansa za m'chimbudzi chokumba zimafika mosavuta m'chitsime chosaya. Mayi amene waphunzitsidwa bwino kusamba m'manja adzatungabe m'chitsime chomwecho ngati mpopi wa pa kiyosiki wauma. Choyenera kuyeza ndi maola amene mpopi ukutulutsa madzi, mtengo wa chigubu cha malita 20, ndi nthawi imene munthu amataya pamzere.

Kuyeza kotere kunachitikapo kale muno mu Lusaka. Mu 2006, akatswiri a zachuma Nava Ashraf, James Berry ndi Jesse Shapiro anagwira ntchito ndi Society for Family Health, bungwe limene linkagulitsa mankhwala othira m'madzi a Clorin. Anagulitsa mabotolo khomo ndi khomo pa mitengo yosiyanasiyana, kenako anabwereranso kukapima madzi osungidwa m'nyumba kuti aone ngati muli klorini. Anapeza kuti mtengo ukakwera, otsala kugula amakhala makamaka aja othiradi mankhwalawo, koma kulipira pakokha sikupangitsa munthu kuwagwiritsa ntchito kwambiri. Akanangowerenga mabotolo ogulitsidwa, sakanadziwa chilichonse mwa izi. Anayerekezanso nyumba ndi nyumba zinzake zofanana nazo, njira yoyankhira funso limene timalitcha counterfactual: chikanachitika n'chiyani bungwelo likanapanda kubwera? Matenda otsekula m'mimba akachepa mu Juni, mwina mvula ndiyo yatha, osati pulojekiti yagwira.

Ena amatsutsa kuti kafukufuku amadya ndalama zimene zikanamanga zimbudzi. N'zoona kuti kafukufuku wa nyumba zoposa 1,000 sangatheke ku kabungwe ka achinyamata ka ku Kalingalinga. Komabe kupima klorini m'madzi n'kotsika mtengo, ndipo kubwerera ku nyumba zingapo pakatha miyezi isanu ndi umodzi kumafuna nsapato ndi kope basi. Ena amati ulemu wa mtsikana amene saopanso kupita kuchimbudzi usiku sungayezedwe. Pamenepa ndikuvomereza mbali imodzi. N'chifukwa chake ndimakayikira njira ya SROI, imene imasandutsa ubwino uliwonse kukhala makwacha n'kunena kuti kwacha imodzi yabala zingapo. Nambala yotsirizayo imadalira kwambiri mitengo imene wowerengera wasankha yekha. Koma chinthu chosagulika chikhoza kufunsidwa. Funsani atsikanawo ntchito isanayambe, muwafunsenso pambuyo pake, ndipo wofunsayo asakhale yemwe anagawa sopo.

Nthawi nayonso imatinamiza. Kanyama Water Trust inachokera ku pulojekiti ya bungwe la CARE, ndipo yakhala ikugulitsa madzi pansi pa kampani ya madzi ya Lusaka patapita zaka zambiri pulojekitiyo itatha. Lipoti lolembedwa tsiku lotseka pulojekiti silingaone phindu lotere, ndiponso silingaone mpopi umene udzafe chaka chamawa.

Kwa amene mukuyendetsa bungwe, sankhani zinthu ziwiri kapena zitatu zimene anthu a m'komboni atchula okha, muziyeze musanayambe, ndipo ngati n'kotheka yerekezani ndi dera loyandikana nalo. Izi sizipereka yankho lathunthu, chifukwa anthu a m'makomboni amasamuka kawirikawiri ndipo ena simudzawapezanso. Kwa opereka ndalama, mukapitiriza kufunsa "mwafikira angati?", mabungwe adzapitiriza kuchulukitsa misonkhano ndi mapepala osaina. Sungani kandalama kotumira munthu kukatsegula mpopiwo pakatha zaka zitatu.