Kutenga magazi kudzera pa port kumafuna singano yake ndi dzanja lophunzitsidwa

Wodwala khansa amayezedwa magazi pafupifupi nthawi iliyonse asanalandire mankhwala a chemotherapy. Madotolo amafuna kudziwa ngati maselo oyera a m'magazi, omwe amateteza thupi ku matenda, achulukanso mokwanira, komanso ngati impso ndi chiwindi zikugwira bwino ntchito. Kubayidwa kawirikawiri, pamodzi ndi ukali wa mankhwalawo, kumaumitsa mitsempha ya pamkono mpaka namwino amavutika kuipeza.

Pothana ndi vutoli, madotolo amaika pansi pa khungu la pachifuwa kachipangizo kotchedwa port. Ndi kabotolo kakang'ono ka titaniyamu kapena pulasitiki, kokhala ndi chivindikiro cha silikoni. Kapaipi kofewa kochokera pamenepo kamalowa mumtsempha waukulu wotsikira kumtima. Njirayi anaifotokoza koyamba mu 1982 ndi dotolo wa ku America, John Niederhuber, ndi anzake.

Mankhwala amalowera pa port, ndipo magazi okayeza akhozanso kutengedwa pomwepo. Koma popeza kapaipiko kamafika pafupi ndi mtima, tizilombo tikalowa timafalikira msanga m'magazi a munthu amene chitetezo chake chafooka kale. N'chifukwa chake ntchitoyi amaigwira ndi namwino kapena dotolo amene anaiphunzira mwapadera.

Choyamba ndi ukhondo. Namwino amasamba m'manja, kuvala chophimba kukamwa ndi magolovesi opanda tizilombo, kenako amapukuta khungu la pamwamba pa port ndi mankhwala a chlorhexidine kwa masekondi pafupifupi 30. Amadikira kuti paume pokha asanabaye.

Chachiwiri ndi singano. Pa port amabaya ndi singano ya Huber yokha, yomwe nsonga yake inapindidwa kuti izipatula silikoni m'malo moiboola. Singano wamba imabenthula tizidutswa ta chivindikiro, ndipo m'kupita kwa nthawi port imayamba kudontha. Sirinji nayo iyenera kukhala ya mamililita 10 kapena kuposa, chifukwa yaing'ono imakankha ndi mphamvu yomwe ingaphulitse kapaipi.

Ngati wodwala ali pa diripi, imayamba yaimitsidwa. Namwino amatsuka kapaipi ndi madzi a mchere a kuchipatala, kenako amakoka mamililita 5 mpaka 10 oyambirira n'kuwataya, chifukwa amakhala osakanikirana ndi madziwo kapena mankhwala a heparin oletsa magazi kuundana. Magazi otsatirawo ndiwo amapita kulabotale. Ayenera kukokedwa pang'onopang'ono, popeza kukoka mwachangu kumaphwanya maselo ofiira, zomwe zingachititse kuti potaziyamu aoneke wochuluka pamene sizili choncho.

Pali mayeso ena omwe ali ndi malamulo akeake. Poyeza kuundana kwa magazi, kapena kuchuluka kwa mankhwala amene analowera pa port yomweyo, ndi bwino kutenga pamkono. Pofufuza ngati port ili ndi tizilombo, madotolo amatenga magazi pa port ndi pamkono nthawi imodzi, n'kuyerekeza zotsatira zake.

Akatha kutenga magazi, namwino amatsuka kapaipi ndi mamililita 20 a madzi a mchere, mokankha n'kumaimaima, kuti magazi omatirira m'mbali achoke. Magazi otsalira mkati amaundana n'kutseka njira, komanso amasanduka malo oberekerana tizilombo.

Nthawi zina madzi amalowa koma magazi osatuluka. Wodwala amapemphedwa kukweza mkono, kutsokomola, kupuma mwakuya kapena kusintha kagonedwe. Zikakanikabe, si bwino kukankha mwamphamvu. Dotolo angathire mankhwala osungunula magazi oundana monga alteplase, kapena kujambula pachifuwa kuti aone ngati kapaipi kapindika kapena kasuntha. Mankhwala a khansa sayenera kuperekedwa chifukwa chake chisanadziwike, popeza ena akatayikira kunja kwa mtsempha amawononga mnofu.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri odwala a m'chigawo chino amene amaikidwa port m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda kapena kunja kwa dziko lawo, n'kubwerera kumudzi komwe chipatala chapafupi sichisunga singano za Huber. Zikatero, kutenga magazi pamkono n'kotetezeka kusiyana ndi kubaya port ndi singano yolakwika, ndipo wodwala ali ndi ufulu wofunsa ngati womuthandizayo anaphunzira ntchitoyi.

Wodwala ayenera kusunga khadi lofotokoza mtundu wa port yake ndi kukatsukitsa pa nthawi imene dotolo wanena, kawirikawiri pakapita milungu 4 mpaka 8 ngati sikugwiritsidwa ntchito. Akaona kutupa, kufiira kapena mafinya pamalopo, akayamba kunjenjemera port itangotsukidwa, kapena thupi likatentha kufika madigiri 38, apite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale utakhala usiku.