Mzere wa Kuchipatala Uli ndi Mwini Wake

Nkhani ya lero ikuchokera ku Thyolo, dziko la mapiri ndi nkhungu, kumene minda ya tiyi yakuta zitunda kuyambira pafupi ndi boma mpaka ku Makwasa. Omvera a ku Mchinji, ku Nkhotakota kapena ku Karonga angayese kuti imeneyi ndi nkhani ya eni ake a kumeneko. Koma mzere wa odwala pakhomo la chipatala ngwofanana m'dziko lonse lino, ndipo onse oima pamzerewo ali ndi funso limodzi: kodi kuchedwaku mwini wake ndani? Thyolo yasankhidwa chifukwa kumeneko masiku odikira adaŵerengedwapo, ndipo ataŵerengedwa adachepa.

Tiyi adafika ku Thyolo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, atayamba wakhazikika ku Mulanje. Maesiteti monga Satemwa, imene idatsegulidwa mu 1923, Makandi, Naming'omba, Nchima ndi Conforzi adatenga malo aakulu a nthaka yabwino, ndipo midzi idapanikizana m'mphepete mwake ndi m'zitsetsereko. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti m'bomali muli anthu oposa 700,000. Ntchito yothyola tiyi imakula mvula ikagwa, kuyambira mu Disembala kufikira cha mu Epulo, ndipo ndi pamene maesiteti amalemba antchito ambiri a nyengo yochepa. Tsoka lake nlakuti miyezi yomweyo ndiyo ya malungo ndi matenda otsegula m'mimba. Mmene dengu la tiyi likufunika kudzaza, ndi mmenenso mwana amatentha thupi.

Apa pali mfundo ya lamulo imene ambiri saidziŵa. Lamulo la ntchito la mu 2000 limapatsa wantchito wodwala tchuthi cha milungu 4 pa malipiro athunthu ndi milungu 8 pa theka la malipiro, koma pokhapokha atagwira ntchito miyezi 12 yosalekeza. Wothyola tiyi wolembedwa mu Disembala ndi kupumitsidwa mvula ikatha safika pa miyezi imeneyo. Motero kwa iye tsiku lothera pabenchi la chipatala likhoza kukhala tsiku lopanda malipiro. Amene amati chipatala cha Boma nchaulere amanena zoona, koma amaiŵala kuti wosauka amalipira ndi miyendo yake ndi tsiku lake.

Munthu wodwala m'dera la tiyi ali ndi makomo atatu. Loyamba ndi chipatala chaching'ono cha pa esiteti, chimene kampani imamangira antchito ake ndi mabanja awo. Chimathandiza pa malungo, zilonda ndi matenda ena a tsiku ndi tsiku, koma matenda akakula chimatumiza wodwalayo kwina, ndipo kampani siyimangidwa ndi lamulo kusamalira mudzi wonse wozungulira. Lachiŵiri ndi zipatala za mishoni, chachikulu mwa izo kukhala cha Malamulo ku Makwasa, pa mishoni ya mpingo wa Seventh-day Adventist imene idayamba mu 1902. Kumeneko chithandizo chambiri nncholipira. Lachitatu ndi la Boma: zipatala zazing'ono za m'madera monga Bvumbwe ndi Thekerani, chipatala chachikulu cha pa boma, ndiponso Queen Elizabeth ku Blantyre kwa amene matenda awo apyola zonsezi. Khomo lachitatuli ndilo lokhalo limene silifunsa tikiti ya ntchito kapena ndalama, ndipo nchifukwa chake mzere wake ngwautali.

Kuchuluka kwa makomoŵa kumasokoneza anthu, namayesa kuti udindo nawo udagaŵidwa patatu. Si choncho ayi. Malamulo aakulu a dziko lino, amene adakhazikitsidwa mu 1994, pa ndime 13 amaika pa mapewa a Boma ntchito yopereka chithandizo cha zaumoyo chokwanira molingana ndi zosoŵa za anthu, ndipo ndime 12 imakumbutsa olamulira kuti mphamvu zawo nzosungiridwa ndi anthu, amene ayenera kuuzidwa mmene zikugwiritsidwira ntchito. Kampani ikamanga chipatala yachita bwino, mpingo ukamanga chake wachita bwino, koma ngongole ya Boma siifafanizika ndi ubwino wa ena. Ngongoleyo idabwera kaamba ka msonkho. Makampani a tiyi amapereka wawo, ndipo wothyola tiyi amapereka wake mosazindikira, wobisika m'mitengo ya katundu wa m'sitolo ndi m'mayunitsi a lamya.

Tsono ndalamazo zimayenda bwanji kuchokera ku Lilongwe kufika pa thebulo la namwino? Chaka ndi chaka aphungu a Nyumba ya Malamulo amavomereza ndondomeko ya chuma. Mu 2001 atsogoleri a maiko a mu Africa adalonjezana ku Abuja kuti gawo la zaumoyo lizilandira 15 mwa 100 iliyonse ya ndondomekoyo, koma zaka zambiri Malaŵi wakhala akupereŵera pa mlingo umenewu. Zimene zavomerezedwazo zimagaŵika m'njira zingapo. Pali za malipiro a antchito. Pali za mankhwala, zimene zambiri sizifika m'manja mwa akuluakulu a chipatala konse, koma zimapita ku nkhokwe ya mankhwala ya Central Medical Stores Trust, ndipo chipatala chimangoitanitsa mankhwala pa dzina lake. Palinso zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, zimene zimadzera ku khonsolo ya boma: za mafuta a ambulansi, chakudya cha odwala, madzi, magetsi ndi kukonza zowonongeka.

Ndalama zomalizazi ndizo zimene wodwala amazimva msanga zikachedwa. Mayi woyembekezera amene zamuvuta usiku ku Thekerani, kum'mwera kwenikweni kwa bomali, sasoŵa dokotala poyamba; amasoŵa mafuta oti ambulansi ikwere naye mapiri. Mu 2015 zipatala zingapo za Boma zidafika pomadyetsa odwala kamodzi patsiku chifukwa cha kuchepa kwa ndalama zimenezi. Za mankhwala nazo zili ndi mbiri yake: mu Januwale 2013 madokotala a chipatala cha Kamuzu Central adalembera kalata Pulezidenti Joyce Banda, kudandaula kuti anthu akufa ndi matenda ochizika kaamba ka kusoŵa kwa mankhwala wamba. Mankhwala akasoŵa, mzere umaŵirikiza, pakuti yemwe wabwezedwa lero adzabweranso mkucha, ndi matenda okulirapo.

Pali njira ina imene Boma lidatsegula kuti anthu okhala pafupi ndi chipatala cha mishoni asabwerere pakhomo chifukwa chosoŵa ndalama. Boma limalipira antchito a zipatala za bungwe la CHAM, limene limasonkhanitsa zipatala za mipingo, ndipo kuyambira mu 2006 lakhala likupangana ndi zipatalazo kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa mwaulere, Boma nkumabweza ndalamazo pambuyo. Nzeruyo njabwino, ndipo kumene yagwira ntchito amayi ochirira kuchipatala achuluka. Vuto lake lakhala kuchedwa kwa kubweza, mwakuti nthaŵi zina zipatala zina zaimitsa chithandizo chaulerecho kufikira ngongole italipidwa. Mayi amene wapeza kuti dzulo kudali kwaulere ndipo lero akumuuza mtengo amakwiyira mlembi wa pazenera, osadziŵa kuti pepala lake lagona pa desiki ina kutali.

Koma Thyolo ili ndi nkhani ina, yoyenera kuifotokoza mofatsa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 bomali lidali limodzi mwa maboma osakazidwa kwambiri ndi Edzi, ndipo m'midzi yozungulira maesiteti maliro sankatha. Mu 1997 bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières lidayamba kugwira ntchito limodzi ndi Unduna wa Zaumoyo kumeneko, ndipo mu 2003 mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa pa chipatala cha pa boma, chaka chimodzi ndondomeko ya dziko lonse ya mankhwala aulereŵa isanayambe. Poyamba malo operekera adali amodzi okha, ndipo oloredwa kuyambitsa munthu mankhwala adali oŵerengeka. Mu 2003 munthu woyenera kulandira ankadikira pafupifupi masiku 100. Kwa wodwala amene thupi latha kale, masiku 100 ndi ambiri zedi.

Ogwira ntchitoyo sadadikire kuti madokotala achuluke, pakuti akadadikira mpaka lero. Adagaŵa ntchito. Zimene ankachita madokotala zidapatsidwa kwa madokotala othandizira ndi anamwino ataphunzitsidwa. Kuyeza magazi ndi uphungu zidapita kwa alangizi a zaumoyo ndi anthu wamba ophunzitsidwa. Ndipo kuyambira mu 2006 zipatala zazing'ono za m'madera zidaloledwa kuyambitsa odwala mankhwala, kuti munthu asachite kukwera matola kupita ku boma. Pofika mu 2007 mankhwalaŵa adali atafikira anthu 8 mwa 10 alionse oŵasoŵa, mlingo umene maiko adagwirizana kuti ndiwo kufikira onse. Mu 2009 kudikira kuja kudali kutatsika kufika pa milungu yosakwana 3, ndipo anthu oposa 23,000 adali atayamba kulandira.

Padatsala vuto la olandira kale, amene ankadzaza mabenchi kungodzatenga botolo la mankhwala ali bwinobwino. Mu 2012 ku Thyolo kudayamba timagulu ta m'midzi, potengera nzeru yochokera ku Tete m'dziko la Mozambique. Anthu osapitirira 6 okhala moyandikana amasinthana: mwezi uno apita mmodzi kukatengera onse, mwezi wa maŵa apita wina. Asanu otsalawo amakhala ali kumunda kapena ku tiyi, ndipo namwino amaona munthu mmodzi m'malo mwa 6.

Chodabwitsa pa nkhaniyi si mankhwala ake, koma kaundula wake. Munthu aliyense adalembedwa tsiku limene adapezeka woyenera ndi tsiku limene adayamba, ndipo padali anthu amene ntchito yawo idali kuyang'ana manambalawo ndi kuyankha akaipa. Opereka ndalama ankafuna lipoti, ndipo lipoti linkapita. Mzere wa malungo, wa kuthamanga kwa magazi ndi wa odikira opaleshoni sudakhale ndi mwaŵi wotere. Nzomvetsa chisoni kuti kaŵirikaŵiri mlendo wopereka thandizo amauzidwa zambiri za ndalama zake kuposa nzika yopereka msonkho.

Ndipo apa ndi pamene pagona ngozi. Kwa zaka zambiri ndalama zoposa theka za zonse zogwiritsidwa ntchito pa zaumoyo m'Malaŵi zakhala zikuchokera kunja, ndipo pa mankhwala a Edzi pafupifupi zonse. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mu 2013 kudaululika kuba kwa ndalama za Boma kotchedwa Cashgate, kumene ofufuza adapeza poyamba kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasoŵa m'miyezi 6 yokha. Maiko othandiza adaleka kuika ndalama zawo m'thumba la Boma, ndipo amene adamva kuŵaŵa ndi odwala amene sadabe kanthu. Mu 2021 mtsutso udabuka pa K6.2 biliyoni ya matenda a Covid-19, ndipo nduna ina idachotsedwa pa udindo. Mu Januwale 2025 boma la America lidaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake la kunja, ndipo ntchito zambiri za zaumoyo zodalira thandizolo zidagwedezeka.

Nanga munthu wa ku Thyolo angafunse yani? Ena amayang'ana kumwamba kwenikweni, poti bomali lidatulutsa atsogoleri a dziko aŵiri, Bingu wa Mutharika ndi mng'ono wake Peter Mutharika. Koma chipatala chodalira kuti mwana wakumudzi ali pampando ndi chipatala chosakhazikika, ndipo maboma amene sadatulutsepo mtsogoleri nawonso amadwala. Njira zoikika ndi lamulo zili pafupi kuposa pamenepo. Lamulo la maboma aang'ono la mu 1998 lidaika zipatala za m'boma pansi pa khonsolo, kumene makhansala osankhidwa ayenera kuona ndondomeko ya chuma ndi kufunsa akuluakulu a zaumoyo. Nkoyenera kukumbuka kuti kuyambira mu 2005 mpaka mu 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala, motero kwa zaka 9 mpando wa wofunsayo udali wopanda munthu, ndipo chizoloŵezi chofunsa chikadali chanthete.

Ofesi ya Ombudsman, imene imamva madandaulo a anthu pa ntchito za Boma, idakhazikitsa mu 2018 anthu olandira madandaulo m'zipatala momwemo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a Boma lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndipo pansi pa lamuloli mfumu, bungwe la antchito a m'minda, mpingo kapena munthu payekha akhoza kulemba kalata kufunsa kuti khonsolo idalandira zingati za zaumoyo mwezi wakutiwakuti, zidafika tsiku liti, ndipo ngongole ya ku zipatala za mishoni yafika pati. Ofesi yofunsidwayo iyenera kuyankha.

Pafupi koposa pali komiti ya chipatala chaching'ono chilichonse, yosankhidwa ndi anthu a m'midzi yozungulira. Imodzi mwa ntchito zake ndi kukhalapo pamene galimoto la mankhwala likutsitsa katundu, kuŵerenga makatoni pamodzi ndi woyang'anira chipatala, ndi kusayina pepala. Komiti yomweyo ikhoza kulemba m'kabuku wamba ola limene zenera lotengera mankhwala latsegulidwa, mankhwala amene asoŵa ndi masiku amene asoŵera, ndi maola amene ambulansi yatenga chiitanireni. M'dera la tiyi kabuku kotere kayenera kuyamba mu Disembala, pamene mvula, malungo ndi kuthyola zimafika pamodzi, kuti pofika nthaŵi yoti khonsolo ikambirane ndondomeko ya chuma, khansala akaloŵe m'chipindamo atanyamula masiku ndi manambala a kwawo.