Muhammad Ali Atiphunzitse Chingerezi cha Pakamwa

Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa ku madrasa anakhoza bwino Chingerezi pamayeso a MSCE, ndipo atasowa ntchito kuno anakwera basi ya ku Joni monga achitira anzake ambiri a ku Mangochi. Patapita mwezi anandiimbira foni ali wokhumudwa. Anati mawu akalembedwa papepala amawamva onse, koma abwana ake akatsegula pakamwa iye amangoti kakasi. Ntchito yoyamba inamuthera m'masiku ochepa chifukwa chobweretsa katundu wina pamene watumidwa wina.

Makolo anzanga, vuto limeneli si la mnyamatayu yekha. Ana athu amakula ndi Chiyao kapena Chichewa pakhomo, Chiarabu ku madrasa, ndipo Chingerezi amangokumana nacho m'buku ndi pabolodi. Cha m'buku chimadikira kuti uchiwerenge kawiri. Cha pakamwa sichidikira munthu. Mankhwala ake ndi kumvetsera eni ake akucheza momasuka, ndipo macheza otere timawapeza pamene munthu wotchuka akufunsidwa mafunso pa wailesi ya kanema.

Ine ndinasankha Muhammad Ali, katswiri wa nkhonya amene agogo ambiri kuno kunyanja akumukumbukabe. Iye anabadwa m'chaka cha 1942 ku Louisville m'dziko la America, dzina lake loyamba linali Cassius Clay. Anasintha dzinali m'chaka cha 1964 atagonjetsa Sonny Liston, ndipo mu 1974 anagwetsa George Foreman ku Kinshasa. Anamwalira m'chaka cha 2016, koma macheza ake akupezekabe pa YouTube, kuphatikizapo amene anachita ndi Michael Parkinson wa BBC pakati pa 1971 ndi 1981.

Amene ndimawakonda koposa ndi a mu 1977, pamene anakacheza ku Newcastle m'dziko la England. Kamnyamata kena kanaimirira pagulu n'kumufunsa chimene adzachite akadzasiya nkhonya. Ali sanathamangire kuyankha. Anayamba wawerengera zaka za moyo wake pamaso pa anthu onse. Anati ali ndi zaka 35, ndipo pakapita zaka 30 adzakhala ndi 65. Mwa zaka 30 zimenezo, 9 zidzathera m'tulo, 4 paulendo, 3 pa zosangalatsa monga kanema, ndipo zogwirira ntchito zidzatsala ngati 16. Kenaka anayankha kuti chinthu chabwino chimene angachite m'zaka zotsalazo ndicho kukonzekera kukakumana ndi Mulungu.

Ndinaonetsa kachigawo kameneka kwa ana asanu ndi mmodzi a sekondale tsiku lina Lamulungu itatha swala ya Asr. Ulendo woyamba anangoseka nkhope ya Ali osamva kanthu. Ulendo wachitatu, mtsikana wina wa Fomu 2 anakweza dzanja n'kunena kuti masamu a Ali saali bwino, pakuti 30 kuchotsapo 9, 4 ndi 3 kutsala 14, osati 16. Ndinakondwa kwambiri. Mwana sangatsutse masamu a munthu amene sakumumva.

Tsopano taonani mawu amene tinatola. Loyamba ndi "retire", kutanthauza kupuma pantchito chifukwa cha msinkhu, monga achitira aphunzitsi kapena asilikali. Lachiwiri ndi "travel", kuyenda ulendo. Lachitatu ndi "entertainment", zosangalatsa. Lachinayi ndi "productive", limene amanenera munthu kapena nthawi yotulutsa phindu. Msodzi amene wabwera ndi usipa wodzaza bwato anganene kuti usiku wake unali wotero.

Koma chuma chenicheni chinali m'mawu awiri afupiafupi akuti "get ready", kukonzeka. Kamawu aka kakuti "get" ndi kakang'ono ngati nyerere, koma kamasenza katundu wolemera m'Chingerezi cha tsiku ndi tsiku. Kusukulu ana amauzidwa kuti kamatanthauza kupeza kapena kutenga, n'kuthera pomwepo. Chonsecho "get up" ndiko kudzuka, "get old" kukalamba, "get sick" kudwala, "get married" kulowa m'banja, "get off" kutsika m'minibasi, "get paid" kulandira malipiro. Mnyamata wa ku Joni uja ankadziwa mawu aatali a m'mabuku, koma amene anamugwetsa ndi timawu totere, timene abwana amatiyankhula kambirimbiri patsiku.

Njira yophunzirira si yachilendo kwa ife. Ku madrasa sitimupatsa mwana tsamba lathunthu tsiku limodzi. Timamupatsa mizere yochepa, amve kwa amwalimu, abwereze mpaka lilime lizolowere. Chitani chimodzimodzi. Sankhani kachigawo ka mphindi ziwiri kapena zitatu, osapitirira apo. Koyamba mwana angomvetsera. Kachiwiri aime pamene sanamve, abwezere m'mbuyo, ndipo ngati mawu akuthamanga achepetse liwiro, pakuti YouTube imalola kutero. Kachitatu atsatire mokweza monga ayankhulira mwini wake. Akatero alembe m'kope mawu asanu okha, lililonse pamodzi ndi chiganizo chimene analimvamo, chifukwa mawu olembedwa okhaokha sachedwa kuiwalika. Mawa lake awagwiritse ntchito pakhomo: pouza mng'ono wake kuti adzuke, kapena pouza mayi ake kuti wakonzeka kupita kusukulu. Mawu asanu pa sabata ndi mawu 260 pachaka.

Pali zinthu zitatu zoti tichenjere nazo. Choyamba, Ali ankayankhula monga ayankhulira anthu akwawo. Mudzamumva akuti "gonna" m'malo mwa "going to", ndiponso "ain't" m'malo mwa "is not" kapena "am not". Nthawi zina ankakana kawiri m'chiganizo chimodzi. Mwana awadziwe mawu amenewa kuti aziwamva, koma asawalembe pamayeso. Kumbukirani kuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale maphunziro ena atawakhoza bwino.

Chachiwiri, mawu amene amatuluka m'munsi mwa kanema nthawi zambiri amalembedwa ndi makina, ndipo makinawo amaphonya. Mawu achilendo afufuzidwe m'dikishonale kapena kwa aphunzitsi a Chingerezi.

Chachitatu, si munthu aliyense wotchuka amene ali woyenera kulowa m'nyumba mwanu. Ena pakamwa pawo m'podzaza zotukwana. Ngakhale Ali yemwe, m'macheza ena ankadzitama ndi kunyoza anzake ankhonya pofuna kukopa anthu. Bambo kapena mayi ayambe waonera yekha, kapena apemphe mkulu wodziwa Chingerezi, asanapereke foni kwa mwana. Ndi bwinonso kuonera limodzi pakhonde kusiyana ndi kumusiya mwana yekha kuchipinda.

Musadandaule kuti inu simunapite patali ndi sukulu. Mwana akamaliza kumvetsera, mufunseni kuti akufotokozereni m'Chiyao kapena m'Chichewa zimene munthu uja wanena. Akatha kufotokoza, ndiye kuti wamva. Ndipo inu agogo amene munamva mbiri ya nkhonya ya ku Kinshasa ili yaiwisi, muuzeni mdzukulu wanu kuti Ali anali yani. Iyeyo adzakuuzani chimene Ali ananena.