Mofini ndi Thupi Lathu: Zimene Wasayansi wa ku Leicester Wakhala Akufufuza

Dokotala akanena kuti wodwala ayambe kulandira mofini, mabanja ambiri amachita mantha. Ena amaganiza kuti m'bale wawo watsala pang'ono kutisiya, ena amaopa kuti azolowera mankhwalawo. Mantha amenewa amachititsa kuti odwala khansa ena, kuno ku England ngakhalenso kumudzi, azivutika ndi ululu umene ukanatha kuchepetsedwa. Mmodzi mwa akatswiri amene afufuza kwambiri mmene mankhwalawa amagwirira ntchito ndi Pulofesa David Lambert wa pa Yunivesite ya Leicester, makilomita ochepa chabe kuchokera ku Wigston.

Thupi lili ndi mankhwala akeake

Mofini amachepetsa ululu chifukwa maselo a mu ubongo ndi mu msana ali ndi timalo tolandirira uthenga totchedwa ma receptor. Mu 1973, Candace Pert ndi Solomon Snyder a ku America anasonyeza kuti mankhwala a mtundu wa mofini ali ndi timalo tawotawo. Mu 1975, John Hughes ndi Hans Kosterlitz a ku Aberdeen anapeza kuti thupi limapanga lokha timapuloteni ting'onoting'ono, ma enkephalin, timene timakhala pa timalo tomweto n'kuziziritsa ululu. Choncho mofini amangotsanzira zimene thupi limachita kale.

Vuto n'lakuti timalo timeneti tilinso m'matumbo ndi m'mbali ya ubongo imene imayendetsa kupuma. N'chifukwa chake mofini amadzimbitsa, amagonetsa, ndipo akachuluka amachedwetsa kupuma.

Ntchito ya Pulofesa Lambert

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, a Lambert ankagwira ntchito ndi Pulofesa Stefan Nahorski ku Leicester komweko, kufufuza mmene uthenga umalowera m'kati mwa selo. Kenako anayamba kufufuza mankhwala ogonetsa ndi ochepetsa ululu, mogwirizana ndi madokotala a pa Leicester Royal Infirmary.

Asayansi ankadziwa mitundu itatu ya timalo ta mofini. Mu 1994 anapeza mtundu wachinayi, umene lero umatchedwa NOP, ndipo mu 1995 magulu awiri, lina ku Toulouse lina ku Basel, anapeza kapuloteni kamene kamaudzutsa. Kapuloteniko ndi nociceptin. A Lambert akhala akufufuza zimenezi kwa zaka zambiri, nthawi zambiri limodzi ndi Girolamo Calò ndi anzake a ku Ferrara, ku Italy. Mu 2008 analemba nkhani m'magazini ya Nature Reviews Drug Discovery yofotokoza matenda amene angadzachizidwe kudzera pa NOP.

Chiyembekezo chachikulu n'chakuti mankhwala okhudza NOP pamodzi ndi malo a mofini angathetse ululu popanda kusokoneza kwambiri kupuma. Mankhwala otchedwa cebranopadol amagwira ntchito motero, ndipo ayesedwa kale pa anthu.

Gulu la a Lambert linapezanso kuti nociceptin imakhudzana ndi chitetezo cha m'thupi. Poyeza magazi a odwala sepsis, matenda amene thupi limadzivulaza lokha polimbana ndi tizilombo, anapeza kuti amene anamwalira anali ndi nociceptin yambiri kuposa amene anachira.

Zimene banja lanu lingachite lero

Mankhwala atsopano amatenga zaka kuti afike m'chipatala. Pakali pano mofini akadali mankhwala odalirika a ululu waukulu wa khansa, malinga aperekedwe ndi dokotala kapena namwino. Kulandira mofini sikutanthauza kuti munthu ali kumapeto. Ambiri amayambanso kudya, kugona ndi kucheza ululu ukachepa.

- Wodwala amwe mlingo umene wauzidwa, pa nthawi yake, ndipo asamwe mowa.
- Pemphani mankhwala ofewetsa m'mimba kuyambira tsiku loyamba.
- Ngati wamwa kwa milungu ingapo, asasiye mwadzidzidzi. Dokotala amachepetsa pang'onopang'ono.
- Ngati sakudzuka mukamugwedeza, kapena akupuma mwapatalipatali, imbani 999 nthawi yomweyo. Pali mankhwala otchedwa naloxone amene amachotsa mphamvu ya mofini.
- Co-codamol wogula ku famase asamwedwe kupitirira masiku atatu popanda kuonana ndi dokotala.

Musatumize kumudzi mofini, tramadol kapena codeine amene inu munalemberedwa, ngakhale mayi anu akulira ndi ululu pa foni. Malamulo amaletsa kupatsa munthu wina mankhwala amenewa, ndipo mlingo wokwanira inu ungaphe munthu wofooka. Ndi bwino kutumiza ndalama yoyendera kuti apite kumene amasamalira odwala matenda aakulu, monga ku Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Ndi Moyo ku Salima. Kuno ku Leicester, funsani GP wanu za thandizo la LOROS, limene limaperekedwa kwaulere.