Kuyenda Pansi m'Mapiri a Nyika



Pamene ndinali ku sukulu ya uphunzitsi tinkajambula mapu a dziko lathu pabolodi. Kumpoto, pakati pa maboma a Rumphi, Chitipa ndi Karonga, tinkapakapo choko chofiira ndi kulembapo dzina lakuti Nyika. Pambuyo pake ndinaphunzitsa dzinalo kwa ana ambiri, ndipo iwo analiloweza nakhoza mayeso, koma ine mphunzitsi wawo ndinali ndisanapondeko. Nditapitako ndinaona kuti malo amenewa munthu sangawadziwe pongoyang'ana mapu kapena posuzumira pazenera la galimoto. Afunika kuwayenda pansi. Lero tsono ndifuna kukufotokozerani njira zimene munthu angayende kumeneko, zimene angaone, ndiponso chifukwa chake malowa ali ofunika ngakhale kwa inu amene simudzapitako.

Nkhalango yosungirako nyama ya Nyika inakhazikitsidwa m'chaka cha 1965, ndipo ndiyo inali yoyamba ya mtundu wake m'Malawi muno. Mu 1978 boma linaikulitsa, kotero kuti tsopano ndi yaikulu masikweya kilomita opitirira 3,000, kuposa nkhalango zina zonse zotere m'dziko muno. Kachigawo kakang'ono ka mtunda wa Nyika kali m'dziko la Zambia. Tikati nkhalango, musaganize za mitengo yothithikana. Pamwamba pa Nyika ndi udzu waufupi wokhawokha, zitunda pambuyo pa zitunda mpaka kumene maso alekezera, ndipo mitengo imapezeka m'timagulu, m'makwawa ndi m'zigwa. Mbali yaikulu ya mtundawu ili pamtunda wa mamita opitirira 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere.

Wochokera ku Mzuzu amadzera ku Rumphi. Kuchoka pabomapo amayenda makilomita pafupifupi 55 kukafika pachipata cha Thazima, ndipo kuchoka apo amakweranso makilomita pafupifupi 60 kukafika ku Chelinda, kumene kuli nyumba zogona alendo. Chelinda sasowa, pakuti amaonekera patali chifukwa cha mitengo ya paini imene inabzalidwa m'zaka za m'ma 1950. Maulendo ambiri a pansi amayambira pamenepa.

Tiyambe ndi njira zazifupi, zimene ngakhale ana a sukulu ndi achikulire angathe kuyenda. Kunsi kwa Chelinda kuli madamu atatu, ndipo munthu angathe kuwazungulira m'mawa ndi kubwerera nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Pafupi pomwepo pali chitunda cha Chosi, pamene ukaima madzulo umaona dziko lonse mbali zonse zinayi. Chakumadzulo kuli Kaulime, kanyanja kokhako kachilengedwe pamwamba pa Nyika. Makolo a kumeneko ankakalemekeza kwambiri ndi kuperekako nsembe. Mukakhala phee m'mbali mwake mudzaona nyama zikubwera kudzamwa: mbidzi, chilembwe, mphoyo, njiri, ndipo mwina ntchefu, imene ndi yaikulu ngati ng'ombe yamphongo. Popeza kulibe tchire lobisa, nyamazi zimaonekera patali, ndipo nazonso zimakuonani muli patali. Wothamanga ndi wolongolola saziyandikira. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kachiwiri, pali njira za tsiku limodzi, zimene munthu amayamba wayenda pagalimoto kenaka ndi kutsiriza pansi. Yotchuka ndi ya ku Nganda, nsonga yaitali kuposa zonse pa Nyika, ya mamita opitirira 2,600. Kukwera kwake si kwa matanthwe ngati ku Sapitwa pa phiri la Mulanje, ndi kwa paudzu, komabe mudzadabwa kuona mukupuma wefuwefu mutangoyenda pang'ono. Chifukwa chake n'chakuti pamwamba chotere mpweya ndi wopepuka. Kukacha bwino, uli pa Nganda umaona nyanja ya Malawi ikunyezimira kum'mawa, ndi mapiri a ku Tanzania kutsidya kwake. Chakumpoto kuli thanthwe la Jalawe, pamene mtunda umathera mwadzidzidzi ndipo pansi pa mapazi ako pamaoneka zigwa zakuya zoloza ku Karonga. Chakumadzulo kuli mathithi a Chisanga pa mtsinje wa North Rukuru. Potsika kupita kumeneko munthu amachoka paudzu, nalowa m'mitengo ya tsamba ya masiku onse ngati ya kumudzi, ndipo thupi limayamba kumva kutentha. Pobwerera ndiye pali ntchito, pakuti wotsika ayenera kukweranso.

Chakummwera kuli thanthwe la Fingira, limene lili ndi phanga. M'phangamo muli zojambula za anthu akale, ndipo akatswiri ofukula zakale anapezamo mafupa ndi zida zamiyala za anthu amene ankakhalamo zaka zikwi zapitazo. M'malo ena a Nyika muli zotsalira za ng'anjo zimene Aphoka ankasungunuliramo chitsulo. Izi zitikumbutsa kuti mapiriwa sanali opanda eni. Pamene nkhalango inkakulitsidwa mu 1978, mabanja ambiri anasamutsidwa m'midzi yawo, ndipo woyenda m'njira zimenezi ayenera kudziwa kuti akuponda pamabwinja a anthu.

Kachitatu, pali ulendo wa masiku atatu, wochokera ku Chelinda kukafika ku Livingstonia. Uwu ndi wa anthu okonzeka, pakuti amagona m'matenti usiku kawiri ndipo chakudya amanyamula okha. Poyamba njira imadutsa paudzu, kukwera ndi kutsika zitunda, pakati pa mbidzi ndi chilembwe. Kenaka imafika kumphepete kwa mtunda, chakum'mawa, ndi kuyamba kutsetsereka. Apa maondo amanjenjemera. Udzu umatha, mitengo imayamba, ndipo potsiriza munthu amatulukira m'minda ya nthochi ndi khofi ya anthu a ku Phoka, nayamba kupatsidwa moni m'Chitumbuka. Ulendo umathera ku Khondowe, kumene Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni ya Livingstonia mu 1894. Pafupi pomwepo pali mathithi a Manchewe, pamene madzi amagwa mamita pafupifupi 125. Amene achoka ku Chelinda atavala majuzi awiri amafika kuno atawavula onse, chifukwa pamamita 1,000 alionse amene munthu atsika, kutentha kumaonjezeka ndi madigiri pafupifupi 6.

Tsopano, omvera, tifike pa chinthu chimene woyenda pansi yekha ndiye amachiona. Pakati pa zitunda ziwiri zilizonse pali dambo, ndipo mukapondamo nsapato imamira, madzi ndi kutuluka. Ngakhale mu Okutobala, dzuwa litaswa mtengo, madzi m'madambo amenewa amakhala akutsika pang'onopang'ono. Mvula ikagwa, udzu umaigwira kuti isathamange, mizu imailowetsa pansi, ndipo dothi lakuda la m'dambo limaisunga monga nkhokwe isungira chimanga. Timifuleni timene mumalumpha ndi phazi limodzi kumtundako ndi timene timakumana ndi kupanga mitsinje ya North Rukuru, North Rumphi, Wovwe ndi Runyina. Mpunga wa ku Karonga umamwa madzi a ku Nyika. Magetsi a pa Wovwe amapangidwa ndi madzi a ku Nyika. Otsala amakathira m'nyanja ya Malawi, ndipo nyanjayo ndiyo imadyetsa Shire, amene amazunguza makina a magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani. Choncho ngakhale inu a kummwera muli nalo gawo pa udzu umenewu.

Mdani wamkulu wa nkhokwe imeneyi ndi moto wolusa. Oyang'anira nkhalango amatentha zigawo zina mwadala udzu usanaumitsitse, kuti moto ukhale wofatsa ndiponso kuti pakhale malire oletsa moto wina. Koma moto woyatsidwa ndi osaka nyama mozemba m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala umanyeketsa zonse mpaka dothi, ndipo chaka ndi chaka umadya m'mphepete mwa timagulu ta mitengo tija. Mvula yoyamba ikapeza nthaka ili mbee, imathamanga ndi kukokolola, mitsinje imadzaza matope mu Januwale ndi kuphwa msanga m'chilimwe. Kummwera chakum'mawa kuli kankhalango ka mitengo ya juniper, yonga mkungudza, yosowa kwambiri kuno kummwera kwa Afirika. Mitengo yotere imatenga zaka zambirimbiri kuti ikule, koma moto wa tsiku limodzi ungathe kuitha.

Vuto lina ndi la maluwa. Pa Nyika pali mitundu yopitirira 200 ya maluwa a orchid, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale zitunda zimavala mawanga osiyanasiyana. Ena mwa maluwawa ali ndi timbatata kunsi, timene anthu amapangira chinaka, chimene anzathu a ku Zambia amachitcha chikanda. Wokumba amachotsa mbewu yonse, ndipo pokumbidwapo sipameranso duwa.

Nanga wofuna kupita akonzeke bwanji? Choyamba, ulendo wautali suyendedwa popanda mlonda wa nkhalango. Kuli akambuku, afisi ndi njovu, ndipo njovu zina 34 zinabweretsedwa kuchokera ku Liwonde mu 2017. Koma choopsa kuposa nyama ndi nkhungu. Imabwera mwadzidzidzi, ndipo popeza zitunda zonse n'zofanana, munthu angathe kuzungulira malo amodzi mpaka usiku. Ikakupezani, khalani pamodzi ndipo mverani wokutsogolerani, pakuti safunsa anadya phula. Chachiwiri, tengani zofunda ndi zovala zochindikala. Mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka madzi kuundana usiku. Chachitatu, sankhani nyengo. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala misewu ndi njira zimakhala zouma, pamene wofuna maluwa ayenera kupirira mvula ndi matope. Chachinayi, moto wophikira muuzime ndi madzi musanachoke, zinyalala mubwerere nazo, ndipo musathyole duwa kapena kulemba maina anu pamatanthwe.

Ambiri a ife timaganiza kuti malo otere ndi a alendo ochokera kunja okha. Si choncho ayi. Nzika za dziko lino zimalipira ndalama zochepa pachipata kusiyana ndi alendo. Aphunzitsi anzanga, makalabu a zachilengedwe m'sukulu ndi magulu a achinyamata a m'mipingo angathe kusonkherana ndi kupita pamodzi. Mwana amene waponda yekha m'dambo la ku Nyika, naona pamene mtsinje umabadwira, sadzavutika kumvetsa chifukwa chake timaletsa kutentha tchire.

Kwa lero tilekeze pomwepa.