Njira imene buku loyamba limadutsa lisanafike kwa owerenga

Mu 2019 kampani ya Hogarth idatulutsa The Old Drift, buku lochindikala la masamba oposa 500. Mlembi wake, Namwali Serpell, adabadwira ku Lusaka mu 1980, ndipo imeneyi idali nthano yake yaitali yoyamba. Ambiri adadabwa kuti munthu wongoyamba kumene angalembe bwanji chinthu chokhwima chotero. Chimene sadadziwe n'chakuti Serpell adayamba kulemba zigawo za bukuli adakali wophunzira pa yunivesite ya Yale, ndipo padapita zaka pafupifupi 20 kuti lifike m'manja mwa owerenga.

Nkhani yake imayambira mu 1904 pa kamudzi ka atsamunda kotchedwa Old Drift, m'mbali mwa Zambezi, kumtunda pang'ono kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Kamudzika kadalikodi, ndipo malungo adapulula azungu ambiri kumeneko. Mzungu wina, Percy Clark, thupi litatentha ndi malungo, akuyambitsa chipwirikiti mu hotela, ndipo kaphokoso kameneka kakulumikiza mabanja atatu kwa zaka zoposa 100. Muli agogo aakazi atatu ovuta kuwaiwala. Sibilla, wa ku Italy, thupi lake lonse ndi tsitsi lomera mosalekeza. Agnes, Mngelezi wosewera tenisi, akuchita khungu n'kukwatiwa ndi Mzambia. Matha akulira kwa zaka zambirimbiri misozi osaphwa. Pakati pa mitu ya nkhani, amene amalankhula ndi gulu la udzudzu, womwe umaonerera zochita za anthu n'kumawaseka.

Gawo limene owerenga ambiri amaliyesa lopeka ndi limene lidachitikadi. Mu 1964, chaka chimene Zambia idalandira ufulu wodzilamulira, mphunzitsi wina, Edward Mukuka Nkoloso, adalengeza kuti dziko lake litumiza anthu kumwezi ndi ku Mars America ndi Russia asanatero. Ophunzira ake ankawalowetsa m'migolo n'kuwagubuduza pachitunda kuti azolowere za m'mlengalenga. Mmodzi mwa iwo adali mtsikana, Matha Mwamba, yemwe Serpell adamusandutsa gogo wolira uja. Atolankhani akunja adamuseka Nkoloso ngati wamisala, koma bukuli silithamangira kuseka. Limakumbutsa kuti bamboyu adamenya nawo nkhondo ya ufulu, ndipo limasiya wowerenga akudzifunsa kuti kodi amene ankaseka mnzake ndani.

Si buku lopanda chilema. Anthu ake ndi ochuluka moti wowerenga amabwerera m'mbuyo kukaona kuti uyu ndi mdzukulu wa yani, ndipo chakumapeto, kumene nkhani yalowa m'tsogolo la tindege tating'ono ngati udzudzu, liwiro limachuluka. Komabe mu 2020 lidapambana mphoto ya Arthur C. Clarke, imene imaperekedwa ku Britain kwa olemba nkhani zopeka za sayansi.

Nanga zaka zonse zija mlembiyu ankatani? Ankaphunzira, ankaphunzitsa, ndipo ankatulutsa nkhani zifupizifupi. Imodzi, Muzungu, yomwe pambuyo pake idalowa mu The Old Drift, idafika m'ndime yomaliza ya mpikisano wa Caine mu 2010. Mu 2015 adapambana mpikisanowo ndi nkhani ina, The Sack, ndipo ndalama zake, mapaundi 10,000, adagawana ndi anzake anayi amene adafika nawo m'ndime yomaliza, ponena kuti kulemba si masewera opikisana.

Mpikisano wa Caine, womwe udayamba mu 2000, wakhala khomo la olemba ambiri a mu Africa muno. Amene akupeza olemba atsopano ku London ndi ku New York amautchera khutu, ndipo nkhani ya masamba khumi ikhoza kubala mgwirizano wosindikiza buku lathunthu. NoViolet Bulawayo wa ku Zimbabwe adadzera pomwepa. Nkhani yake Hitting Budapest idapambana mu 2011, kenako idakhala mutu woyamba wa We Need New Names, buku lomwe lidatuluka mu 2013 n'kufika m'ndime yomaliza ya mphoto ya Booker. Iye adali mayi wachikuda woyamba wa mu Africa kufika pamenepo.

Wofotokoza nkhani m'bukuli ndi Darling, mtsikana wa zaka 10 wokhala m'zisakasa za malata pamalo otchedwa Paradise, nyumba za makolo ake zitagumulidwa ndi boma. Iye ndi anzake, Bastard, Chipo, Godknows ndi ena, amakaba magwafa kudera la anthu olemera. Kenako Darling akupita ku America kwa mchemwali wa amayi ake, kumene chakudya n'chambiri koma mtima uli kumudzi. Aliyense amene ali ndi m'bale ku Joni kapena ku Ulaya, uja amatumiza ndalama koma sangabwere kumaliro chifukwa cha mapepala, adzalimva gawo lachiwirili.

Koma bukuli lidabutsa mtsutso. Helon Habila wa ku Nigeria, yemwenso adapambanapo mphoto ya Caine, adalemba mu nyuzipepala ya The Guardian kuti bukuli launjika mavuto onse a Africa malo amodzi, njala, Edzi, nkhanza za ndale, ngati kuti cholinga n'kukwaniritsa zimene owerenga a kunja amayembekezera. Nkhawa yake ndi yomveka, pakuti wosankha zosindikiza ndiye amasankhanso zimene dziko liwerenge za ife. Koma sadalichitire chilungamo bukuli. Ana a m'bukuli sapempha chisoni kwa wina aliyense. Amatukwana, amaseka azungu a mabungwe obwera ndi makamera, ndipo nthawi zina ndi ankhanza ngati ana ena onse.

Amene adaonetsa poyera vuto limene Habila ankanena ndi Jennifer Nansubuga Makumbi wa ku Uganda. Nkhani ya m'buku lake Kintu imayambira mu 1750 mu ufumu wa Buganda, pamene nduna ya mfumu, Kintu Kidda, ikupha mwangozi mwana wake womulera pomumenya mbama. Temberero lake likutsata adzukulu mpaka 2004. Za atsamunda Makumbi sadachedwe nazo, mayina a Chiganda adawasiya momwe alili, ndipo miyambo sadaitanthauzire mlendo. Osindikiza a ku Britain, kumene iye amakhala, adalikana poganiza kuti owerenga awo sangalimve.

Adalipulumutsa ndi a Kwani Trust a ku Nairobi, omwe adakonza mpikisano wa nthano zazitali zosasindikizidwa. Kintu lidapambana mu 2013, lidasindikizidwa ku Kenya mu 2014, ndipo ku Uganda anthu adalilandira ndi manja awiri. Litatchuka kwawo, mpamene America idalisindikiza mu 2017 ndipo Britain mu 2018. Chaka chomwecho Makumbi adalandira mphoto ya Windham-Campbell ya madola 165,000. Pampikisano wa Kwani womwewo padalinso zolemba za Ayobami Adebayo wa ku Nigeria, zimene zidadzatuluka mu 2017 ndi dzina loti Stay With Me.

Ku Malawi njira ya mpikisano si yachilendo. Nthondo, buku la Samuel Josia Nthara, lidadziwika litapambana mpikisano wa zolemba za m'zilankhulo za mu Africa, ndipo lidasindikizidwa mu 1933. T. Cullen Young adalimasulira m'Chingelezi, n'kutuluka mu 1934 ndi dzina loti Man of Africa. Patapita zaka zambiri, Stanley Onjezani Kenani adafika kawiri m'ndime yomaliza ya Caine, mu 2008 ndi mu 2012, ndipo Azotus the Kingdom ya Shadreck Chikoti idapambana mphoto ya Peer Gynt mu 2013 isanasindikizidwe.

Chovuta kuno n'chakuti msika wa mabuku umadalira sukulu. Wosindikiza amayamba wafunsa ngati buku lingalowe pasilabasi, ndipo nthano yaitali ya munthu wosadziwika, makamaka ya m'Chichewa, imakhalitsa m'kabati kapena mu kompyuta. Mipikisano ya nkhani zifupizifupi ilipo ndipo yathandiza, koma a Malawi Writers Union, makampani osindikiza ndi mabanki amene amathandiza zaluso aganizire zimene a Kwani adachita: mpikisano wa nthano zazitali, za m'Chichewa zomwe, umene wopambana wake apatsidwe mkonzi wodziwa ntchito ndipo buku lake lisindikizidwe n'kufika m'masitolo.